Chidakwa Chikasiya Mowa, Chimakhalanso Munthu Liti?

Chinyanja chathu chili ndi njira yochotsera munthu pakati pa anthu popanda kumukhudza ndi dzanja. Timangosintha kachidutswa kamodzi ka mawu. Za mphunzitsi timati "wafika", za mlimi "wadwala", za mwana "wagona". Koma tikafika pa munthu amene mowa wamugonjetsa, lilime limakhota lokha: "chidakwa chija chafika", "chagona m'ngalande", "chisiyeni, chidzuka chokha". Munthu uja wasamutsidwa m'gulu la mawu otchulira anthu, waikidwa pamodzi ndi chitseko, chikho ndi chitini. Zoona, si dzina lililonse loyamba ndi chi- limene ndi lonyoza. Chiphadzuwa sichidandaula ndi lake. Koma chidakwa chimakhala pa benchi imodzi ndi chitsiru ndi chigawenga, ndipo tonse timadziwa mmene mawu amenewa amatulukira pakamwa. M'makomboni a ku Lusaka ndi ku Chipata timakonda lija lakuti chakolwa, lomwe limabwera ndi kuseka kwake.

Munthu akamva dzina limodzi zaka zisanu kapena khumi, amayamba kudzitchula nalo yekha. Ndiye tsiku lina asiya mowa. Botolo lachoka m'manja, koma dzina latsala, ndipo tsopano akulimva bwino chifukwa palibenso chomugonthetsa makutu. Akayang'ana kumbuyo akuona njinga imene anagulitsa, ntchito imene anachotsedwa, ana amene amathawira kuseri kwa nyumba akamva mawu ake. Apa ndi pamene pali funso langa. Munthu wotereyu, kudziona kuti ndi munthu akutenga kuti? Kodi ulemu ayenera kuugula pang'onopang'ono ndi ntchito zabwino, kapena anali nawo kale ngakhale usiku uja anagona m'ngalande? Likumveka ngati funso la m'kalasi, koma yankho limene munthu amadzipatsa nthawi zambiri ndi limene limamuperekeza kunyumba kapena kumubwezera ku shabini.

Chigwa cha ndalama za pakamodzi

Funsoli ndiliganizira nditayang'ana ku Mambwe, m'chigwa cha Luangwa, dera limene ambiri timangoti ku Malambo. Ndi dziko la Akunda, la mafumu 6: Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Kumeneko kuli Mfuwe, khomo lolowera ku South Luangwa National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1972. Sindikunena kuti a ku Malambo amamwa kuposa anthu ena. Mowa ndi nkhani ya dziko lonse. Ndasankha kumeneko pa zifukwa ziwiri. Choyamba, moyo wa m'chigwa umaonetsa poyera mmene mowa umapezera malo. Chachiwiri, chigwachi chinaphunzira kale kulandiranso munthu amene anali ndi dzina loipa, ngakhale kuti phunzirolo silinali la mowa.

Ndalama ku Malambo zimabwera ngati madzi a mtsinje wa Lupande: zambiri pakamodzi, kenako mchenga wokhawokha. Makampu ambiri a alendo a m'tchire amagwira ntchito m'chilimwe, mvula ikayamba amatseka chifukwa misewu imasanduka matope. Mlimi wa thonje amalandira malipiro ake kamodzi pa chaka, ndipo wa chimanga amadziwa kuti njovu zingathe kumaliza munda wake usiku umodzi. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa ndege, alendo anasowa, ndipo mabanja ambiri odalira maloji anakhala manja lende. Taganizani za mnyamata amene amanyamula zikwama za mlendo wolipira pa usiku umodzi ndalama zimene zingapose za thonje la bambo ake la chaka chonse. Nyengo ikatha amabwerera kumudzi ali ndi kangachepe m'thumba, miyezi yambiri yopanda chochita, ndi funso mumtima loti kodi iyeyo mtengo wake ndi wotani. Kachasu amayankha funsolo mwachangu ndiponso motchipa. Inu a ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mchini simufunika kufotokozeredwa zimenezi: ganyu ya lero, mlungu wathunthu wokhala pa kantemba, ndi kabotolo ka junta kamene ngakhale wa ganyu amakwanitsa kugula.

Boma layesapo mbali yake. Mu 2012 nduna yoona za makhonsolo pa nthawiyo, Professor Nkandu Luo, inaletsa tujilijili, ndipo mu 2018 dziko linakhazikitsa ndondomeko yake yokhudza mowa. Vutoli si lathu lokha: bungwe la World Health Organization linati mu 2019 mowa unapha anthu pafupifupi 2.6 miliyoni padziko lonse. Koma malamulo amalimbana ndi botolo: kukula kwake, ola logulitsira, msinkhu wa wogula. Timapaketi tija titachoka, timabotolo tinalowa m'malo. Palibe lamulo limene lingauze munthu amene wasiya mowa dzulo chifukwa choti adzukire mawa n'kudziyesa munthu.

Manyazi ndi mlandu

Tisanapite patali, pali chinthu cha m'thupi chimene tiyenera kuchidziwa, chifukwa kusachidziwa ndi kumene kumabala chipongwe chambiri. Mowa umafooketsa ntchito ya ubongo. Munthu akamamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, ubongo umadzisintha kuti ulimbane nawo, ngati wokwera njinga amene akupalasa mwamphamvu chifukwa mabuleki agwira. Mowa ukachotsedwa mwadzidzidzi, mabuleki amasuka koma mapazi akupalasabe. N'chifukwa chake munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, tulo timasowa, ndipo ena amagwa ngati a khunyu kapena kuona zinthu zomwe palibe m'masiku awiri kapena atatu oyamba. Zimenezi zimatha kupha. Amene wakhala akumwa kwambiri kwa nthawi yaitali asasiye yekha m'nyumba mwakachetechete. Ayambe wapita kuchipatala, kaya ku kiliniki ya pafupi, ku Kamoto, ku Chipata Central kapena ku Chainama ku Lusaka. Munthu amene akumwa m'mawa kuti manja aleke kunjenjemera anasiya kale kufuna chisangalalo, akuthawa ululu. Kumuuza kuti "ulibe mtima wachimuna" kuli ngati kudzudzula wa malungo chifukwa chomva kuzizira.

Komabe matenda sachotsa mlandu. Njinga inagulitsidwadi, mwana anamenyedwadi. Apa pakufunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene timakonda kuzisakaniza: kumva mlandu ndi kuchita manyazi. Womva mlandu amati, "Ndinachita choipa." Wa manyazi amati, "Choipacho ndine." Woyambayo ali ndi poyambira, chifukwa chimene munthu wachita chimakonzeka: ngongole imabwezedwa, kupepesa kumatheka. Wachiwiriyo alibe, chifukwa ngati vuto ndi iweyo, ukalibweza kwa yani? Chotsala ndi kubisala, ndipo mowa ndi phanga limene njira yake amaidziwa ngakhale mumdima.

Akatswiri a maganizo a anthu anaziyesa zimenezi. Mu 2013 Daniel Randles ndi Jessica Tracy a pa University of British Columbia ku Canada anafalitsa zimene anapeza atajambula anthu amene anali atangosiya kumene mowa, akufotokoza za nthawi yomaliza imene anamwa. Ofufuzawo anayang'ana thupi la wolankhulayo: mapewa akugwa, chifuwa chobwerera mkati, zizindikiro za munthu amene akulakalaka nthaka itamumeza. Patapita miyezi ingapo, amene anaonetsa manyazi kwambiri ndi amene anabwerera ku mowa mosavuta, ndipo atabwerera anamwa wambiri. Ife timakhulupirira kuti kuchititsa munthu manyazi ndi mankhwala. Timamuseka pa sitolo, timamujambula ndi foni atagwa n'kutumiza pa WhatsApp, timamutchula paguwa ngati chitsanzo. Timati tikumuthandiza kuti adzione. Kudziona amadziona kale, ndipo chimene amaonacho ndi chimene akumwera.

Zimene maliro amatiphunzitsa

Tsono ulemu wa munthu umachokera kuti? Mwambo wathu ukuoneka ngati uli ndi mayankho awiri. Mbali ina umati umunthu umapezedwa ndi khalidwe. Munthu wankhanza timati "alibe umunthu", mwinanso "si munthu ameneyu". Mwambi umati ukaipa dziwa nyimbo, kutanthauza kuti uyenera kukhala ndi kanthu kopereka kuti anthu akuwerengere. Tikatsata njira imeneyi yokha, chidakwa chilibe pogwira. Nyimbo chinaiwala, chopereka chilibe, ndiye chidikire kunja mpaka chitaonetsa kuti chasintha.

Koma onani zimene zimachitika tsiku limene munthu yemweyo wamwalira. Palibe amene amati "chafa". Timati "atisiya". Adzukulu amakumba manda akuya mofanana ndi a mphunzitsi wamkulu. Azimayi amagona pa siwa, amuna amachezera pamoto panja, a mfumu amalankhula, ndipo dzina lake lenileni, limene sitinalitchule zaka khumi, limamveka ndi "a" waulemu patsogolo. Palibe amene amafunsa ngati malemuwo anaugwirira ntchito ulemu umenewu. Tonse timadziwa kuti ndi wawo chifukwa anali munthu, mwana wa uje, wa mtundu wakutiwakuti. Ndiye kuti pansi pa mtima, mwambo wathu umavomereza kuti pali ulemu wina umene mowa sungathe kuusungunula. Chodabwitsa n'chakuti timausunga mpaka tsiku limene mwini wake sangaumve.

Immanuel Kant, woganiza mozama wa ku Germany, analemba mu 1785 kuti zinthu zina zili ndi mtengo ndipo zina zili ndi ulemu. Chokhala ndi mtengo chingasinthidwe ndi china chofanana nacho, pamene chokhala ndi ulemu chilibe chosinthana nacho, ndipo munthu ali m'gulu lachiwirili. Agogo a ku Msoro amene sanamvepo dzina la Kant amanena zofanana akati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Yankho langa ndi ili. Munthu wosiya mowa amaganiza kuti anataya zinthu ziwiri, pamene anataya chimodzi chokha. Ulemu wa umunthu sanautaye, chifukwa sanachite kuugula. Chimene anataya ndi kukhulupiridwa, ndipo kumeneko ndiye kumagulidwadi, ndi nthawi komanso zochita.

M'nyumba kusiyanaku kumaoneka motere. Mpando, moni wa dzina lake, mbale ya nsima pamodzi ndi ena, kufunsidwa maganizo pa nkhani ya banja: izi ndi za ulemu, ndipo ayenera kuzilandira tsiku loyamba lomwe. Ndalama za fizi ya mwana, makiyi a njinga yamoto, thumba la chilimba: izi ndi za kukhulupiridwa, ndipo palibe cholakwa kumuuza kuti adikire. Mabanja ambiri amagwera mbali imodzi. Ena amamumana zonse, ndi mpando womwe, kuti "aphunzire". Ena, pokondwa kuti wasiya, amamusenzetsa zonse mlungu woyamba, ndipo akagwa amati "tinanena ife". Nayenso mwini wake amasokoneza ziwirizi. Akaona kuti mkazi wake akubisabe ndalama, amamva ngati wauzidwa kuti ndi chabe, pamene mkaziyo akungonena kuti nthawi sinakwane.

Waya wa msampha

Apa ndi pamene chigwa cha Luangwa chili ndi chotiphunzitsa. Kwa zaka zambiri dzina loipa kwambiri kumeneko pamaso pa boma linali la wopha nyama mobisa, amene timangoti pocha. Yankho linali kumugwira ndi kumumanga, ndipo akatuluka m'ndende amabwerera ku misampha yake chifukwa njala inali pomwepo. Mu 2003 kunayamba bungwe la COMACO, limene anayambitsa Dale Lewis, ndi ganizo lina. Pocha akapereka mfuti yake ndi mawaya ake, amaphunzitsidwa ulimi wosamala nthaka, kuweta njuchi kapena luso lina la manja, ndipo bungwelo limagula zokolola za alimi n'kuzigulitsa m'masitolo pa dzina la It's Wild!: mpunga, uchi, chiponde. Mfuti ndi misampha zambirimbiri zaperekedwa motero.

Onani dongosolo lake. Munthuyo sanauzidwe kuti ayambe wakhala zaka zisanu osapha nyama kuti anthu alankhule naye. Analandiridwa tsiku limene anabwera, ngati munthu woti n'kupangana naye pangano. Komanso sanapatsidwe makiyi a paki. Anapatsidwa mbewu, mng'oma wa njuchi ndi msika, ndipo anthu anayang'ana ngati akusunga pangano. Ulemu anaulandira pompo, kukhulupiridwa kunabwera pambuyo. Ngati chigwa chinatha kutsegula njira yotere kwa munthu amene anapha njovu, chikutilepheretsa n'chiyani kuitsegula kwa m'bale wathu amene ankadzipha yekha?

Ku Mfuwe komweko kuli malo otchedwa Mulberry Mongoose, kumene amisiri, ambiri mwa iwo azimayi, amatenga waya wa misampha umene oyendera tchire achotsa, n'kuusula, kuupinda ndi kuupanga mikanda ndi zibangili. Wogula amauzidwa poyera kuti uwu unali msampha, ndipo mbiri imeneyo ndi imene imamukopa. Wosiya mowa nthawi zambiri amafuna zaka zake zakumwa zifafanizike ngati sizinachitike. Sizitheka, ndipo kuyesa kuzibisa ndi manyazi omwe aja atavala malaya ena. Chimene chimatheka ndi kuzigwiritsa ntchito. Munthu amene anadutsamo amadziwa bodza lililonse limene ludzu limanena, ndipo mnyamata wa zaka 17 amene wayamba junta angamumvere iyeyo kuposa mmene angamverere mkulu amene sanalawepo.

Bungwe la Alcoholics Anonymous linayamba motero. Mu 1935, mumzinda wa Akron ku America, Bill Wilson, amene anali atakhala miyezi yochepa osamwa, anamva ludzu likubwerera malonda ake atalephereka. M'malo molowa m'bala ya hotela imene anafikira, anafunafuna munthu wina wovutika ndi mowa woti alankhule naye, ndipo anapeza dokotala wina, Bob Smith. Sanapite ngati mphunzitsi. Anapita chifukwa anazindikira kuti kuthandiza mnzake ndi kumene kukanamusunga iye mwini. Kudziona wofunika sikubwera ndi kudziuza pa galasi kuti ndiwe wofunika. Kumabwera munthu wina akakufuna pa chinthu chenicheni, iwe n'kupezekapo.

Fanizo la pocha lili ndi malire ake. Mfuti imaperekedwa kamodzi, pamaso pa anthu, ena n'kuwomba m'manja. Ludzu limaperekedwa m'mawa uliwonse, popanda woona, ndipo bala ili pamsewu womwewo wopita kumsika. Kuwonjezera apo, mowa kwathu suli m'botolo mokha. Uli pa dima, pa ukwati, pa maliro, pamene amuna amakumana madzulo kumva za mitengo ya thonje ndi za kumene kwatuluka ganyu. Anthu ambiri amamwa pamenepo n'kupita kwawo bwinobwino. Amene sangathe kuima pa chikho chimodzi, akasiya mowa amasiyanso bwalo lonse: anzake, nthabwala zake, malo amene anthu ankakondwa akamuona. Mwezi woyamba amapeza kuti tsiku ndi lalitali ndipo foni siilira. Akulu anati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Wosiya mowa amafunika anthu kuposa pocha, pamene ndi iye amene watsala ndi ochepa.

Pali msampha winanso, umene umakola amene akuoneka kuti zikuwayendera. Munthu wakhala miyezi itatu osamwa, wayamba kupita ku tchalitchi, wapereka umboni, ndipo tsopano ndi iye amene akutukwana zidakwa mofuula kuposa aliyense. Wapeza ulemu wake poponda pamutu pa anzake akale. Ulemu wotere ndi wa ngongole. Wavomereza kuti womwa ndi chinthu, wangodzichotsa yekha pa mndandanda, choncho tsiku limene adzaterereka adzadziweruza ndi mawu ake omwe, ndipo sadzakhala ndi nkhope yobwerera nayo kwa amene anamuwombera m'manja.

Nanga amene anapwetekedwa?

Pali munthu amene ali ndi ufulu wokwiya ndi zonse ndanenazi. Ndi mayi amene anagona kwa aneba ndi ana usiku wa mvula, amene anaona thumba la mpunga la chaka chonse likupita kwa wophika kachasu. Iye angafunse kuti, "Ulemu wa bambo a ana anga mukuudandaula, nanga wanga anaudandaula ndani?" Funsoli ndi lolungama, ndipo nkhani iliyonse ya kuchira imene imamutseka pakamwa ndi yabodza. Mayiyu alibe ngongole ya chikhululukiro. Ngati panali nkhanza, ali ndi ufulu wokhala kutali ndi kudziteteza, ngakhale mwamunayo atasiya mowa zaka khumi. Ankhoswe amene amathamangira kunena kuti "asintha, bwererani" asanamufunse iye, akumupweteka kachiwiri.

Izi sizikutsutsana ndi ulemu wa wosiya mowayo. Kumufunsa mlandu ndi njira ina yomulemekezera. Njovu ikadya munda sitiitengera kubwalo la a mfumu, chifukwa ndi nyama. Mlandu timazenga munthu yekha. Pamene tikuti "chisiyeni, n'chidakwa", tamukhululukira ngati mmene timakhululukira mbuzi yolowa m'dimba. Pamene amalume ake amukhazika pansi n'kunena kuti, "Iwe mphwanga, ndalama za alamu ako zija ubweza liti?", amubwezera m'gulu la anthu.

Ndipo wosiya mowayo ayenera kuphunzira chinthu chowawa: angathe kubweza koma osakhululukidwa. Pa masitepe 12 a Alcoholics Anonymous, la nambala 8 ndi la nambala 9 amanena za kulemba mayina a anthu amene unawalakwira ndi kukonza zimene unawononga, kupatula ngati kutero kungawapwetekenso. Palibe lonjezo lakuti adzakulandira. Ngati kudziona kwako kuti ndiwe munthu kwapachikidwa pa nkhope ya amene unamulakwira, wangosintha botolo: tsiku limene adzakuyang'ana moipa udzagwa. Chimene chili m'manja mwako ndi K50 imene wabweza pa kantemba, mwana amene wamuperekeza kusukulu monga unanenera, ola limene unati ufika n'kufikadi. Zing'onozing'ono zimenezi ndi umboni, ndipo woyamba kuufuna ndi iwe mwini, chifukwa munthu amene unamunamiza kwambiri pa zaka zonsezo ndi iweyo. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Womwayo akakhala mkazi, katundu amalemera kawiri. Mwamuna woledzera timamuseka, koma mkazi woledzera timamuweruza kuti ndi wachiwerewere ndiponso mayi woipa. N'chifukwa chake amamwera kuchipinda, ndipo pofika poti wapempha thandizo thupi limakhala litawonongeka kale. Zonse zanenedwa pano ndi zakenso.

Madzi ndi khwawa

Akulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo mwambi umenewu timakonda kuuponyera munthu amene wagwanso. Uli ndi choonadi: ubongo suiwala njira imene unayenda zaka zambiri, ndipo ambiri amene pomaliza amasiyiratu amayamba agwapo kangapo. Koma amene anaona Luangwa amadziwa mbali ina ya nkhaniyi. Mtsinjewu umasintha njira. Umadula pokhota, n'kusiya khwawa lakale likhale thamanda la mvuu ndi ng'ona. Chigumula chikakula, madzi amalowanso m'khwawa lakale lija kwa kanthawi, koma akaphwa mtsinje umapitirira m'njira yake yatsopano. Munthu amene wakhala miyezi 8 osamwa n'kugwa usiku umodzi sanataye miyezi 8 ija. Ngongole zimene anabweza zinabwezedwa, mwana amene anamuperekeza kusukulu anafika. Manyazi amamuuza kuti, "Waona, ndiwe chomwe chija, ingomaliza botolo." Mlandu umamufunsa kuti, "Unali kuti, unali ndi yani, lero ukauza ndani?" Usiku wa kugwa suli woopsa ngati m'mawa wotsatira, pamene munthu amasankha liwu loti alimvere.

Ambiri amene mukuwerenga izi simuli m'boma kapena m'bungwe. Ndinu anzake a munthuyu. Ndinu amene mumati "imwako kamodzi chabe, usatinyadire" akabwera ndi Fanta m'manja, mwina chifukwa kusiya kwake kukukufunsani funso limene simukufuna kuliyankha. Ndinunso amene mungamuitane ku mpira Loweruka masana, nthawi imene kale ankakhala ku shabini, kapena kumutsina khutu za ganyu youmba njerwa, kapena kumupempha kuti akuthandizeni kukonza denga chifukwa kukhoma malata amakudziwadi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo inu amene mwasiya, kapena mukuwerenga izi muli ndi matsire mukuganiza zosiya, musadikire kudzimva kuti ndinu munthu kuti muyambe. Kudzimvako kumabwera mochedwa, kumatsatira zochita ngati mmene msipu umatsatira mvula. Kukhulupiridwa mudzakugwirira ntchito, mwina kwa zaka, ndipo ena sadzakukhulupiriraninso mpaka kale. Koma mpando wanu pakati pa anthu simukuupempha kwa aliyense. Ngakhale adzukulu akudziwa kuti ndi wanu. Ife enafe ntchito yathu ndi yochepa, ndipo tingaiyambe madzulo ano: m'bale wathu akamalowa pa geti, tinene kuti "wafika", n'kumutchula dzina lake.